Mafunso ochepa, khomo lotsegula

Ndimakonza makompyuta kuno ku Macheke, pamsewu wochokera ku Harare kupita ku Mutare. Agogo anga anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Ine chida changa ndi fulashi. Amene amandibweretsera makina ndi aphunzitsi, akalaliki ndi alimi osunga mawerengero a mabelo awo m'malaputopu akale.

Ntchito yobwera kawirikawiri ndi kuika Windows kapena Linux mwatsopano. Pulogalamu yoikira ndimaiweruza ndi mafunso ake: ikufunsa angati, ndipo yayankhiratu ati osandiuza.

Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0, imene makina ambiri akale alibe, ndipo poiika imakakamira intaneti ndi akaunti ya Microsoft. Anaipangawo ankati akupeputsa zinthu. Koma kuno bandulo ndi yodula, magetsi a ZESA amathima maola ambiri. Njira ikakhala imodzi yokha, ikatsekeka ntchito yaima.

Kumbali ya Linux, Debian ili ndi njira ya akatswiri yofunsa chilichonse, mpaka zimene mwini makina sanazimvepo. Ine imandithandiza, koma mphunzitsi angathawe asanafike pakati. Komabe a Debian anachita bwino atavota mu 2022: kuyambira pa Debian 12 ya 2023, firmware imabwera pamodzi ndi pulogalamu yoikira, ndipo Wi-Fi imagwira pomwepo. Funso la firmware linayeneradi kuchoka, chifukwa pafupifupi aliyense akanayankha mofanana.

Linux Mint imafunsa chilankhulo, kiyibodi, dera la nthawi ndi dzina, zinthu zimene munthu amadziwa. Pa diski imakupatsa zosankha: kufafaniza yonse, kuika pambali pa Windows, kapena kuigawa wekha. Ine ndimagawa ndekha, mafayilo a mwini ndikuwaika pagawo lawolawo, kuti mawa ndikadzaikanso asadzakhudzidwe. Mlimi woika yekha atha kudina choyambacho, koma amachenjezedwa kaye kuti zonse zitayika.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchitoyi ndimamuuza kuti zina zonse zikalakwika tikonza mawa, koma diski yofafanizidwa sibwerera. Choncho asanadine, amayamba wakopera mafayilo pafulashi, kenako n'kufunsa mwiniwake kuti, "Bambo, zonse mwaziona kuti zilimo?" Akavomera, ndiye timapitiriza.