Kudzukira Buffalo pa 02 hours

Pofika 2025, Buffalo Sabres inali italowa komaliza mu ma playoff mu April 2011. Mwana amene anabadwa mwezi umenewo ali ku sekondale tsopano. Pofika 2025 anali masizoni 14 otsatizana, ndipo m'mbiri yonse ya NHL, ligi yaikulu ya hockey ya pa aisi ku America ndi ku Canada, palibe timu ina imene inakhalapo panja nthawi yaitali conco. Imeneyo ndiyo timu yanga.

Anzanga ku wailesi ya m'dera kumene ndimathandizako amaseka akamva. "Iwe, aisi unaiona kuti kucotsako mu fridge?" Sinditsutsa. Ku Buffalo sindinapondeko. Ndimangodziwa kuti ndi mzinda wozizira m'boma la New York, m'mbali mwa nyanja ya Erie, pafupi ndi mathithi a Niagara. Gemu ikayamba 7 koloko madzulo kumeneko, kuno imakhala 02 hours, kapena 01 hours akasintha mawochi ao. Vidiyo imadya bundle, conco nthawi zambiri ndimamvetsera mawu cabe, foni pakhutu, m'nyumba muli zii. Malaiti akapita masana osachaja foni, ndimadzangoona zotsatira m'mawa.

Kwa amene simunaonepo: timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 pa aisi, golokipa ali momwemo. Amathamangitsa ndi ndodo kampira kakuda kophwatalala kochedwa puck, zigawo zitatu za mphindi 20. Matimu alipo 32, mu 2025 iliyonse inali kusewera magemu 82, ndipo 16 ndiwo amapita ku ma playoff kukalimbirana Stanley Cup. Mwamva bwino, theka la ligi yonse limalowa caka ciliconse. Ngakhale woponya ndalama m'mwamba akanagwetsako mutu kamodzi pa zaka 14.

Ine ndinalowa mu nkhaniyi kudzera pa khomo la wailesi. Mu November 2018 ndinali kufunafuna pa YouTube oulutsa masewera a maiko ena kuti ndimve mmene amagwiritsira nchito mawu. Tonse tinakula tikumva za a Dennis Liwewe, ndipo ndinafuna kudziwa ngati kwina kuli munthu wotero. Ndinapeza nkhalamba ina, a Rick Jeanneret, ikukuwa ngati nyumba yapsa. Mwezi womwewo Sabres inapambana magemu 10 otsatizana ndi kukwera pamwamba pa ligi yonse. Jeff Skinner anali kugoletsa pafupifupi usiku uliwonse, ndipo kumbuyo kunali mnyamata wa zaka 18 wa ku Sweden, Rasmus Dahlin. Ndinadzuka usiku umodzi, kenako wina. Pofika April 2019 timu inali itagwa mpaka kufupi ndi pansi, koma ine ndinali nditalowa kale.

Cimene cimasiyanitsa ululu wa hockey ndi wa bola ndi ici: ku NHL kulibe kutsika ligi. Okonda Leicester ya Patson Daka analira mu 2023 ndi mu 2025, koma timu ikatsika mumadziwa pamene mwaima. Mumalira, mumaika maliro, mumayamba zina. Ku NHL timu yolephera imalandira mphoto. Amene athera pansi amapatsidwa mwai waukulu pa mayere osankhira osewera acinyamata abwino koposa, cimene amacha draft. Ndiye caka ciliconse coipa cimabwera ndi lonjezo m'thumba: pirirani, mpulumutsi ali m'njira.

Buffalo inakhulupirira lonjezo limeneli mpaka kufika pocititsa manyazi. Mu sizoni ya 2014 mpaka 2015, ine ndisanabwere, aliyense anali kufuna mnyamata wochedwa Connor McDavid. Mu March 2015 Arizona, imene nayo inali pansi, inabwera ku Buffalo ndi kupambana pa nthawi yoonjezera, ndipo ambiri mwa okonda Sabres m'bwalo lao lomwe anaombera m'manja cigoli ca alendo. Vidiyo yake ndaionera kangapo. Ganizani osewera akucoka pa aisi akumva anthu ao akusangalala kuti aluza. Timu inatheradi pansi, koma mayere anagwera Edmonton, McDavid anapita kumeneko, ndipo Buffalo inatenga Jack Eichel. Pambuyo pake inasankha yoyamba kawiri, Dahlin mu 2018 ndi Owen Power mu 2021. Apulumutsi abwera atatu, cipulumutso sicinafike.

Cowawa koposa ndi kuona amene acoka. Ryan O'Reilly ananena poyera mu 2018 kuti kuluza kunali kumucotsera cikondi ca masewera. Anamugulitsa ku St. Louis, ndipo caka cotsatira ananyamula cikho ndi kusankhidwa wosewera wabwino koposa wa ma playoff. Eichel anakangana ndi akuluakulu a timu pa nkhani ya opaleshoni ya khosi lake, anapita ku Vegas mu November 2021, ananyamula cikho mu 2023. Sam Reinhart anapita ku Florida. Mu 2024 ndiye anagoletsa cigoli cimene cinapatsa timu yake cikho mu gemu ya 7, ndipo mu June 2025 anagoletsa zinai mu gemu yomaliza, Florida n'kutenganso. Usiku umenewo ndinamvetsera mpaka kumapeto. Ndinamukondwerera, komanso ndinafuna kuponya foni kukhoma.

Conco munthu asandiuze kuti vuto ndi kusowa osewera aluso. Ine ndimaona kuti vuto ndi nyumba imene imagwetsedwa isanafike pa mawindo. Kucokera pamene anacotsa kochi Lindy Ruff mu 2013, pampando pake panakhala Ron Rolston, Ted Nolan, Dan Bylsma, Phil Housley, Ralph Krueger ndi Don Granato. Krueger ameneyu okonda Premier League mungamukumbukire, anali cheyamani wa Southampton. Anacotsedwa mu March 2021 mkati mwa magemu 18 otsatizana opanda kupambana. Wosewera wa zaka 20 amene amva malangizo atsopano zaka ziwiri zilizonse adzaphunzira liti? Mu 2024, atazungulira konseko, anaitananso Ruff yemweyo.

Panali sizoni imodzi imene ndinalawa cimene anzanga a matimu ena amadya caka ndi caka. Pa 7 December 2022 Tage Thompson, cimphona cimene cinabwera posinthana ndi O'Reilly, anagoletsa zigoli 5 ku Columbus, zinai mwa izo m'cigawo coyamba. Anamaliza sizoni ndi 47. M'mwezi wa April 2023 ndinali kulemba mapointi kumbuyo kwa pepala la pulogalamu, kuwerengera kuti ife tikapambana apa ndipo awo akaluza apo, talowa. Ndinali kufika ku studio maso ali psuu. Buffalo inathera pa 91. Florida inalowa ndi 92, ndipo inakafika mpaka ku fainolo. Pointi imodzi pa magemu 82! Sizoni imeneyo ndiyo inandipweteka kuposa zonse, komabe ndiyo imene ndingakonde kubwereza.

Mu December 2024 matenda akale anabwerera: magemu 13 osapambana. Mwini timu, Terry Pegula, amene pogula Sabres mu 2011 analonjeza kuti colinga cake ndi Stanley Cup, anakwera ndeke kupita ku Montreal kukalankhula ndi osewera. Gemu yotsatira analuza 6-1. Ndinaseka ndekha mumdima, cifukwa palibe cina cimene cinatsala.

Anthu amandifunsa cifukwa cake sindisintha timu. Palibe wacibale wanga ku Buffalo, palibe amene angandione ndikavala jezi ya Florida. Yankho langa limabwerera kwa a Jeanneret.

Bambo amenewa anayamba kuulutsa magemu a Sabres mu 1971, timu ili ndi caka cimodzi, ndipo analeka mu 2022. Zaka 51 pa timu imodzi. Kawiri konse anaiona ikufika ku fainolo. Mu 1975 inaluza kwa Philadelphia. Mu 1999, ndi golokipa woopsa Dominik Hasek, inaluza kwa Dallas pa nthawi yoonjezera yacitatu, Brett Hull atagoletsa phazi lake lili m'kabwalo ka golokipa, ndipo anthu a ku Buffalo mpaka lero amakana kuti cinali cigoli. A Liwewe anamwalira mu 2014 ataona Chipolopolo ikunyamula cikho ca Africa mu 2012. A Jeanneret anamwalira pa 17 August 2023, ali ndi zaka 81, osaona tsiku lao.

Zaka zimene ine ndinawamva zinali zoipa zokhazokha, ndipo ndi cimene cinandigwira. Kuulutsa fainolo n'kosavuta, khamu limakunyamula. Yesani gemu ya Laciwiri mu March, timu itatuluka kale mu mpikisano, mipando yambiri ilibe anthu, mwatsalira ndi zigoli zitatu. Iwo sanali kunama kuti zinthu zili bwino. Timu ikasewera zopusa unali kumva m'mawu ao kuti anyansidwa. Koma mnyamata wina wosadziwika akagoletsa, anali kukoka dzina lake ndi mpweya wonse wa m'cifuwa, ngati kuti amai ake a mnyamatayo akumvetsera. Mwina anali kumvetseradi. Puck imathamanga kuposa mpira uliwonse, koma iwo sanali kukusiya m'mbuyo: ndani ali nayo, ali mbali iti, watsala ndi ndani. Ine amene sindinapondepo pa aisi ndinali kuona gemu yonse nditatseka maso.

Ku wailesi kwathu nchito yanga yambiri ndi kuwerenga zotsatira za matimu a m'makomboni, anyamata osewera pa fumbi, ena nsapato zobwereka. Sindilandira malipiro. Ndili ndi satifiketi ya ku koleji ndi zaka zopitirira 30, ndipo kunyumba funso lakuti ndidzapeza liti nchito yeniyeni silicedwa kutuluka. Masiku ena ndimakhala patsogolo pa maikolofoni osadziwa ngati pali anthu 10 amene atsegula. Pa masiku otero ndimafunsa kawiri mmene dzina la wogoletsa limachulidwira, ndipo ndimalichula lonse, ndi la bambo ake lomwe. Tsiku lina mai wina anaimba foni pulogalamu itatha. Sananene zambiri. Anati, "Mwachula mwana wanga, zikomo," n'kudula.

Gemu yomaliza ya a Jeanneret inali pa 29 April 2022, ndi Chicago. Matimu onse awiri analibe cosewerera. Buffalo inapambana 3-2 pa nthawi yoonjezera ndi cigoli ca Casey Mittelstadt, ndipo nkhalamba ija inakuwa monga kale. Kuno kunali kutatsala pang'ono kuca. Mittelstadt nayenso anagulitsidwa mu 2024.

Sizoni ya 2024 mpaka 2025 inatha ndi mapointi 79, panja kacikhumi ndi cinai. Dahlin ndiye kaputeni tsopano, ndipo ndimaopa tsiku limene nayenso adzatopa. Mu June 2025 anagulitsa JJ Peterka, mnyamata wa ku Germany amene ndinayamba kumukonda, kupita ku Utah. M'malo mwake kunabwera Josh Doan ndi Michael Kesselring. Doan n'losavuta. La Kesselring ndakhala ndikuliyeserera pokwera minibasi, kuti pofika October lilime likhale litazolowera.