Amene anatsikira ine m'nkhalango ya Beni

Tikamasoka fodya m'chigafa kuno kwa Chulu, anyamata amafuna ndiwasimbire za mfuti. Ine ndimawasimbira za helikopita.

Pa 14 Novembala 2018 tinalowa m'nkhalango kufupi ndi Beni, kum'mawa kwa Congo, ife Amalawi, anzathu a ku Tanzania ndi asilikali a dzikolo, kukasaka zigawenga za ADF. Nkhalango imeneyo si tchire lathuli la misuku ayi. Masana mumachita mdima, mdani umangomva mfuti yake osamuona. Tsiku limenelo Amalawi 6 ndi Mtanzania mmodzi anatsikira kulichete. Mmodzi mwa iwo ndi Chancy Chitete, amene anaomberedwa akupulumutsa Mtanzania wovulala. Mu Meyi 2019 bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo ku New York.

Ine chipolopolo chinandiboola ntchafu. Anzanga anamanga mwendowo ndi lamba n'kundinyamula mosinthana, kufunafuna poyera, pakuti helikopita sitera pamitengo. Ludzu lake! Ndinkangoganiza za mayi anga.

Kenaka tinamva phaphapha chakumwamba. Inali Oryx ya asilikali a ku South Africa. Abale anga, chindege chimenecho chikamatsika chimadekha ngati thadzi lokhalira mazira, aliyense wamfuti atha kuchilasa. Woyendetsayo ankadziwa bwino lomwe zimenezi, komabe anatsika. Injini sanazimitse. Mphepo ya mapiko inagonetsa udzu, fumbi ndi masamba zili m'maso, ndipo wina wa pakhomo, chisoti chitamuphimba nkhope, anandikokera m'kati. Anandiuza mawu, koma phokoso linawameza. Dzanja langa sanalisiye mpaka tinatera.

Mu Febuluwale 2023 ndinamva pawailesi kuti Oryx ina yaomberedwa ikuchokera ku Beni kupita ku Goma. Mmodzi wa ogwira ntchito m'ndegemo anafa, wina anavulala, koma ndegeyo inakaterabe ku Goma. Tsiku limenelo nsima inandikanika. Mayi a kunyumba ankayesa malungo.

Pano ndimatsimphina, makamaka kukazizira mu Juni, koma mizere ndimaunga ndekha ndipo mabelo anga amafika ku Chinkhoma. Inu amene muli ndi abale ku Joni, mukadzakumana ndi munthu amene ankauluka pa Oryx ku Beni chaka chimenecho, mudzamuuze kuti Mmalawi wa ntchafu uja akuyenda.