Khosi la Gitala ya Amalume

Malemu amalume anandisiyira gitala yotchipa, yosaimbikanso. Nsambo zake, zomwe zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, zinali zitaweramitsa khosi pang'onopang'ono mpaka kutalikirana nalo. Ukazidina, zala zinkachita kuwawa.

Mmisiri anandiuza kuti, "Achimwene, yokonzetsera iposa mtengo wa gitalayi. Ingogulani ina."

Ndinakana. Tinafewetsa guluu ndi nthunzi, n'kuzula khosilo, kupala tsinde lake pang'ono chabe, n'kulimatanso. Pozulapo mtima unali m'mwamba, kuopa kuti thabwa ling'aluka. Ndalama yanga ya sopo ya teremu yonse inathera pomwepo.

Lero gitalayo ikulira bwino. Kuseri kwa khosi kuli malo operepeseka pomwe pankakhala chala chachikulu cha amalume. Changa chimafikira pomwepo.