Mlenje wa M'botolo

Kumunsi kwa phiri la Michesi, m'boma la Phalombe, kuli chigwa chachikulu chimene chinatambalala mpaka ku Nyanja ya Chilwa. Anthu a kumeneko amalima chimanga, nandolo, mpendadzuwa ndi mpunga. M'mudzi wina kufupi ndi Migowi munali mnyamata wa Sitandade 5 amene ankakhala ndi agogo ake aamuna. Anzake ankaweta nkhunda, akalulu ndi mbira, koma iye anaweta kachilombo kamene anthu ambiri akakaona amangokaponda.

Loweruka lina m'mwezi wa Januwale, awiriwa analawirira kumunda kukapalira. Chimanga chinali chitafika m'mawondo, koma masamba ake anali obookabooka. Agogo anafunyulula nsonga ya chimanga chimodzi, napeza mbozi ya ntchemberezandonda itabisala m'kati. Anapukusa mutu, pakuti ankadziwa bwino ukali wake. Mbozi za mtundu umenewu zinachokera ku America ndipo zinayamba kuoneka mu Africa m'chaka cha 2016. Mu Disembala 2017 zinawononga minda kwambiri, kotero kuti boma linalengeza za ngozi m'maboma 20 mwa maboma 28 a dziko lino.

Pa tsamba lina mnyamatayo anaona kachilombo kofiira ndi kakuda, ka miyendo yaitali ndi kamutu kakang'ono kosongoka.

"Agogo, nayi mbala ina!" anafuula motero, atakweza kale dzanja kuti akaphwanye.

"Taima, mdzukulu wanga," anatero agogo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tayang'anitsitsa chimene kakuchita."

Mnyamatayo anawerama. Kachilomboko kanali katagwira mbozi ndi miyendo yakutsogolo, mlomo wake wonga singano utalowa m'thupi mwa mboziyo. Mbozi inaphiriphitha pang'ono, kenaka inangoti zii. Patapita nthawi inafota, nitsala khungu lokhalokha.

Chifukwa cha chidwi, mnyamatayo anakatola ndi zala. Pomwepo kanamubaya pachala, ndipo ululu wake unaposa wa mavu. Chala chinatupa mpaka madzulo. Agogo anamusambitsa pabalapo ndi sopo, nati, "Safunsa anadya phula. Kachilombo kamene sukukadziwa usakagwire ndi manja." Komabe ataona kuti mwanayo sanataye mtima, anamuthandiza kukakankhira m'botolo la kukamwa kwakukulu ndi kamtengo. Pakamwa pa botolo anamangapo chidutswa cha neti yakale kuti mpweya uzilowa. Mnyamatayo anakatcha dzina lakuti Mlenje.

Madzulo anaponyamo tsamba la nkhwani ndi kambamu ka nsima. Kutacha, Mlenje anali asanakhudze chilichonse. Lamulungu lonse anangokhala phee pakhoma la botolo. Lolemba mnyamatayo anapita nalo botolo kusukulu, ali ndi nkhawa kuti chiweto chake chifa.

Aphunzitsi analinyamula botolo, nalizunguza pang'onopang'ono kuti ana onse aone. Anawafotokozera kuti pa Chingerezi kachilomboka kamatchedwa assassin bug, kutanthauza kachilombo kopha mwachiwembu, ndipo akatswiri a sayansi amakaika m'banja lotchedwa Reduviidae, limene lili ndi mitundu pafupifupi 7,000 pa dziko lonse. Anati ndi msuwani wa nsikidzi, ndipo monga nsikidzi, kalibe mano otafunira. Mlomo wake umakhala wopindikira kunsi kwa mutu, ndipo kamautambasula pokhapokha kakapeza nyama. Kakabaya, kamathira malovu aululu amene amafoola nyamayo ndi kusungunula za m'kati mwake, kenaka kamayamwa monga mmene munthu amayamwira madzi ndi bango.

"Tsono nsima yako yapita pachabe," anatero aphunzitsi akumwetulira. "Mlenje amadya chimene wasaka yekha."

Anawauzanso kuti ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amaweta tizilombo totere m'mabokosi agalasi. Mtundu umene amaukonda kwambiri ndi wochokera kuno ku Africa. Ndi wakuda, wa mawanga awiri oyera pamapiko, ndipo umatalika pafupifupi masentimita 4. Mtundu umenewo umatha kulavula ululu wake, choncho oweta amasamala kwambiri maso awo.

Kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo anakonza bwino nyumba ya Mlenje. Pansi anathira mchenga wouma, naikamo khungwa la mtengo lobisalamo ndi kathonje konyowa. Botolo ankaliika pamthunzi, chifukwa galasi likakhala padzuwa limatentha ngati chiwaya. Akaweruka kusukulu ankadzera kumunda kukatola mbozi, ndipo zikasowa ankabwera ndi chiswe. Zonse zimene ankaona ankazilemba m'kope: tsiku, chakudya, ndi mmene Mlenje ankanyang'amira pang'onopang'ono asanagwire nyama yake.

M'mawa wina anapeza timazira tambiri titamatirira pamodzi pakhungwa paja. Apo m'pamene anazindikira kuti Mlenje anali wamkazi. Patapita masiku, timazirato tinaswa, ndipo munatuluka tiana tating'ono ngati nyerere, topanda mapiko. Aphunzitsi anamuuza kuti tianato timafundula kasanu tisanamere mapiko. Anzake anakondwa, ena namupempha kuti awagawireko posinthana ndi nzimbe.

Koma chimwemwe sichinakhalitse. Tianato tinkafuna chakudya chaching'ono chamoyo tsiku ndi tsiku, ndipo mnyamatayo sanathe kutikwaniritsa. Tsiku lina anaona kena kakuyamwa m'bale wake. Atawerenga mawa lake, anapeza kuti tachepa. Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ankakonda chiweto chake, ndipo kusukulu anali atatchuka nacho, koma anadziwa kuti akapitiriza kutisunga titha tonse.

"Agogo, ndichite chiyani?" anafunsa kutacha.

"Mbuzi timaimanga chifukwa tikhoza kuimwetera udzu wokwanira," anayankha agogo. "Nanga alenje ako, dambo lawo lili kuti?"

Mnyamatayo sanayankhe. Ananyamula botolo, nalunjika kumunda. Kumeneko anamasula neti ija, nagoneka botolo patsinde pa chimanga. Tiana tinatuluka n'kubalalika m'masamba, ndipo Mlenje anatsalira pambuyo, nakwera chimanga mosafulumira mpaka anabisika.

Sikuti mbozi zonse zinatha chifukwa cha alenje aja. Agogo anapitirizabe kuphwanya mazira a mbozi ndi manja, kuthira dothi kunsonga kwa chimanga, ndi kuwaza msuzi wa bonya woitanira nyerere kuti zidzadye mbozi. Koma alangizi a zaulimi atafika m'mudzimo, ananena zimene mnyamatayo anali ataziona kale ndi maso ake: m'munda muli abwenzi a mlimi monga chiswamphika, kangaude, mavu ndi alenje aja, ndipo mankhwala akapoperedwa mosasamala amapha adani ndi abwenzi omwe.

Botolo lija agogo analitsuka, nasungiramo mbewu ya therere. Mnyamatayo anasunga kope lake. Kuyambira pamenepo, akaona kachilombo kachilendo pachimanga, ankayamba waika manja kumbuyo, n'kuwerama kuti aone chimene kakudya.

Mafunso

1. Kodi mnyamatayu ankakhala m'boma liti, ndipo anthu a kumeneko amalima mbewu zanji?
2. N'chifukwa chiyani Mlenje sanadye nsima ndi nkhwani?
3. Fotokozani mmene mnyamatayu anakonzera nyumba ya Mlenje.
4. Kodi agogo ankatanthauzanji ponena kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha"?
5. Mukanakhala inu, mukanachita nato chiyani tiana ta Mlenje? Perekani chifukwa.
6. Tchulani tizilombo titatu timene timathandiza mlimi m'dera lanu.