Kope la mawu amene sitinena

Abale anga a Chichewa ndi Chinyanja, kuyambira ku Kasungu mpaka ku Chipata ndi ku Angónia, ndili ndi nkhani yochokera kuno ku Cape Town.

Chaka chatha ndinkathandiza mnyamata wina wa chaka choyamba pa yunivesite ina kuno. Makolo ake ndi a kwathu ku Dedza, koma iye anakulira ku Joni. Ali ndi autism, chibadwa chimene chimachititsa munthu kumva ndi kutanthauzira zochitika mosiyana ndi anthu ambiri. Masamu ankakhoza bwino zedi, komabe ankafuna kusiya sukulu. Mabuku sankamulemera, ankamulemera ndi anthu.

Tsiku lina mphunzitsi anamuuza kuti amuona "just now". Mnyamatayo anaima pakhomo la ofesi maola awiri. Atandifotokozera ndinafuna kuseka, koma ndinakumbukira kuti nanenso nditangofika kuno ndinadikirapo chimodzimodzi, osadziwa kuti m'Chingerezi cha kuno mawuwo amatanthauza "nthawi ina". Ine ndinazitulukira msanga poyang'ana nkhope za anthu. Iye ankafunika wina womuuza mosapita m'mbali.

Tinagula kope. Kumanzere tinkalemba zimene anthu amanena, kumanja zimene akutanthauza. Chichewa chathu, chimene iye amayankhula ndi abale akapita kumudzi, ndicho chinadzaza masamba ambiri. "Tiona" kawirikawiri ndi "ayi". "Ndili bwino pang'ono" ndiye kuti munthu wadwala. "Bwerani tidye" kwa munthu wodutsa ndi ulemu chabe, yankho lake ndi "zikomo", osati kusamba m'manja. Ku maphunziro a zilankhulo ndinawerenga za Paul Grice, amene m'chaka cha 1975 anafotokoza mmene anthu amamvanirana pa zinthu zosanenedwa. Ndinalemba mayeso ake n'kukhoza, koma kulemera kwa nkhaniyo ndinakuona m'kope lija.

Tsamba limodzi linatikanika. Omulangiza za kakhalidwe ndi anthu ankamuphunzitsa kuyang'ana munthu m'maso poyankhula. Agogo ake ku Dedza ankamukalipira akatero, popeza kwathu mwana woleredwa bwino amazolika pamaso pa akulu. Anandifunsa kuti, "Achimwene, nanga lamulo lenileni ndi liti?" Ndinasowa choyankha. Apo m'pamene ndinazindikira kuti zimene timati luso lokhala ndi anthu ndi mwambo wa malo, wophunziridwa ngati chilankhulo.

Katswiri wina wa ku Britain, Damian Milton, amenenso ali ndi autism, analemba mu 2012 kuti kusamvana kumeneku n'kwa mbali ziwiri: iwo amavutika kutimvetsa, ifenso timavutika kuwamvetsa. Choncho mnyamatayo atavomera, tinakhala pansi ndi anzake a m'gulu lake lolembera ntchito. Tinawapempha zinthu zitatu: kutchula tsiku ndi ola m'malo mwa "posachedwa", kulemba pa WhatsApp zimene agwirizana, ndi kukumanirana malo opanda phokoso. Mmodzi wa iwo anaulula kuti ankamuyesa wodzikonda. Lero mnyamatayo ali m'chaka chachiwiri.

Cape Town ili ndi poyambira. Ku University of Cape Town kuli Centre for Autism Research in Africa, komanso mumzindawu muli bungwe la Autism Western Cape lothandiza mabanja. Kwathu mwana wotere amayamba wapatsidwa mayina: wamwano, wopepera, wolodzedwa. Dzina likamata, thandizo limachedwa, ndipo ena amene akanafika ku yunivesite amathera ku pulayimale.

N'chifukwa chake ndabwera kwa inu, eni chilankhulo. M'nkhani yonseyi ndalemba "autism" chifukwa mayina amene ndinakula ndikuwamva onse ndi achipongwe. Pa 2 Epulo dziko lonse limakumbukira anthu a chibadwa chimenechi. Kodi ku Katete, ku Tete kapena ku Nkhotakota mumati chiyani? Ngati mawu aulemu alipo, tiuzeni. Mnyamata uja wasiya tsamba lomaliza la kope lathu losalemba, akudikira yankho lanu.