Digiri ya Química imayambira m'kalasi 4

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, lero tikambeko za phunziro limene ife a pulayimale timaliona ngati silitikhudza: Química, ija anzathu a ku Malawi amati kemisitiri. Mlongo wanga wamng'ono ali m'chaka chachiwiri cha digiri ya phunziro limeneli ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1500 kuchokera kuno ku Fonte Boa. Ndalama ya lendi ndimamutumizira ndine mwezi ukatha, bambo amaonjezerapo akagulitsa kachewere. Popeza banja lonse tikumana mimba chifukwa cha sukulu yakeyo, ndimamufunsa kawirikawiri zimene akuphunzira.

Digiriyi, imene timati licenciatura, imatenga zaka 4. Chaka choyamba wophunzira amakumana ndi Química yoyambira, masamu ndi Física. Kenako phunzirolo limagawika nthambi: ina imaona zinthu zokhala ndi kaboni monga shuga, mafuta ndi mowa, ina imaona zitsulo ndi mchere, ina imaphunzitsa kupima kuti m'chinthu muli chiyani ndipo muli chochuluka bwanji, ina imafufuza za kutentha ndi liwiro limene zinthu zimasinthira. Nthawi yambiri imathera m'labotale, kuyeza pa sikelo, kudontheza mankhwala dontho limodzilimodzi, ndi kulemba lipoti. Pomaliza wophunzira amachita kafukufuku wake n'kukamuteteza pamaso pa aphunzitsi.

Tsiku lina ndinamufunsa ngati chovuta kwambiri ndi kuloweza maina a maelementi 118 aja a pa tebulo limene Dmitri Mendeleev analiyamba mu 1869. Anaseka.

"Achimwene, tebulolo limakhala pakhoma, aliyense amangoyang'anapo. Anzanga amene akugwa akugwera masamu anu omwewo a ku pulayimale: kugawa, vírgula, ndi kusintha magalamu kukhala makilogalamu."

Anandipatsa chitsanzo. Tinthu timene timapanga madzi kapena mchere n'tating'ono kwambiri moti palibe angatiwerenge kamodzikamodzi. Choncho akatswiri amatiwerenga poyeza kulemera kwake, monga wogula chimanga sawerenga maso a chimanga koma amaika thumba pa sikelo. Muyeso wawo amautcha mole. Mole imodzi ya madzi imalemera magalamu 18, ya mchere wa patebulo magalamu pafupifupi 58. Akauzidwa kusungunula gawo limodzi mwa magawo 10 a mole ya mchere m'lita imodzi ya madzi, ayenera kuyeza magalamu 5,8. Akangosuntha vírgula malo amodzi, waika mchere wochuluka kakhumi, ndipo ntchito ya tsiku lonse yaonongeka. Nanga vírgula ameneyu mwana amakumana naye koyamba kuti? M'manja mwathu.

Pa tchuthi cha Disembala atabwera kumudzi, bambo anamufunsa funso limene makolo ambiri amafunsa: "Mwanawe, sukulu yakoyi idzatithandiza chiyani?" Iye anawatengera pamene panali matumba a feteleza.

"Bambo, mwaiona nambala iyi, 46%, pa thumba la yureya? Ikutanthauza kuti pa makilogalamu 100 alionse, makilogalamu 46 ndiwo chakudya chenicheni chobiriwitsa chimanga, chimene timati nayitulojeni. Thumba lanu ndi la makilogalamu 50, ndiye muli 23. Thumba ili la NPK 12-24-12 muli nayitulojeni wa makilogalamu 6 okha, koma muli zakudya zina zothandiza mizu. N'chifukwa chake lina mumathira pobzala, linali pobereketsa."

Anaonetsanso kumene 46 ameneyo amachokera. Mole imodzi ya yureya imalemera magalamu 60, ndipo mwa amenewo 28 ndi a nayitulojeni. Gawani 28 ndi 60, mupeza 0,46 ndi kotsalira pang'ono. Bambo akhala akuthira feteleza kuyambira ife tisanabadwe, ndipo nthawi yothira amaidziwa kuposa tonsefe. Koma tsiku limenelo anatenga cholembera n'kuyamba kuwerengera okha kuti pa ndalama zimene amalipira, kilogalamu imodzi ya nayitulojeni ikuwadyera zingati m'thumba lililonse. Ine ndili chiimire ndinaona kuti masamu onsewo ndi amene ndimaphunzitsa ana a zaka 10 ndi 11.

Pali mawu amene timakonda kunena, akuti makolo athu ankadziwa kale sayansi. N'zoona ndithu. Mayi akamatcheza chidulo, amadutsitsa madzi m'phulusa kuti asungunule mchere wa potaziyamu umene umafewetsa therere. Wotcheza kachasu amagwiritsa ntchito mfundo yakuti mowa umawira pa madigiri 78 pamene madzi amadikira kufika pafupi ndi 100. Koma tisanamize ana kuti kudziwa zimenezi n'kokwanira. Mayi amadziwa ndi lilime kuti chidulo chakwana. Ku yunivesite amafuna nambala: chawawa motani, wayeza ndi chiyani, ndipo mnzako akabwereza apeza zomwezo kodi? Nzeru za kumudzi zimam'patsa mwana poyambira, koma chomufikitsa kumapeto ndi muyeso.

Apa ndi pamene pali ntchito yathu. M'kalasi langa muli botolo la theka la lita, la lita imodzi ndi chigubu cha malita 5. Ana asanalembe kanthu, amayamba athira madzi n'kuona ndi maso kuti mabotolo ang'ono 10 adzaza chigubu. Tisanafike pa liwu loti fracção, timayamba tagawa mgaiwa wa m'mbale pakati, kenako panayi, n'kumakamba m'chinenero chathu kuti ili ndi theka, ili ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mwana akamvetsa chinthucho, dzina la Chipwitikizi silimuvuta. Ndili ndi malamulo atatu. Loyamba, nambala isayende yokha: ukalemba 5, unene ngati ndi malita, magalamu kapena mametikali. Lachiwiri, usanawerengere, yamba waganizira kuti yankho likhala pafupi ndi chiyani, kuti ukapeza kuti nkhuku ikulemera makilogalamu 200 udzidabwe wekha. Lachitatu, lemba zimene waona, osati zimene ukuganiza kuti aphunzitsi akufuna. Mlongo wanga akuti lamulo lachitatuli ndi lomwelo la m'labotale.

Kwa inu makolo amene mwana wanu akulakalaka phunziroli, dziwani kuti ayenera kusankha mbali ya sayansi m'makalasi omaliza a sekondale, kumaliza kalasi 12, ndi kukhoza mayeso olowera ku yunivesite. Si onse ayenera kupita ku Maputo. Kuyambira 2019 tili ndi Universidade Púnguè, imene inatuluka mu Universidade Pedagógica ndipo ili ndi nthambi mumzinda wa Tete. Pafupi pompa ku Ulónguè pali sukulu ya zaulimi ya Universidade Zambeze, ndipo wophunzira za nthaka ndi feteleza sangaithawe Química. Womaliza digiriyi angaphunzitse ku sekondale, angapime madzi akumwa, angagwire ntchito m'fakitale ya zakudya, kapena m'labotale yopima malasha ngati a ku Moatize. Ntchito sizingobwera zokha, ndipo zaka zinayi za lendi, chakudya ndi mapepala si zamasewera. Khalani pansi monga banja muwerengere musanamutumize.

Koma kuwerengera kwina kuyambe lero, mwana akadali m'kalasi 4. Mukamapita kukagulitsa kachewere kapena nyemba, mutengeni aone sikelo ndipo anene yekha mtengo wa makilogalamu awiri ndi theka. Mukagula feteleza, muuzeni awerenge manambala a pa thumba ndipo mum'funse tanthauzo lake. Akalephera, m'tumizeni kwa ife Lolemba ndi funsolo. Aphunzitsi anzanga, inu mumaphunzitsa bwanji vírgula kuti ana asamamusunthe chisawawa? Tigawane njira zanu.