Mango amabala kunsonga

Kuno ku Mangochi mtengo wa mango munthu amachita kuupeza. Mukatsata msewu wa ku Monkey Bay, kapena kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku Malindi ndi ku Namwera, muona zimitengo zikuluzikulu mudzi uliwonse, zina zoti anthu awiri sangakumanitse manja pozikumbatira. Pansi pake ndi pomwe amfumu amaweruzira milandu, asodzi amasokera maukonde, amayi amayala usipa ndi tomato. Mukafunsa amene anadzala, amangoti ndi makolo. Mbewuyi kwawo ndi ku India. Inafika kugombe la kum'mawa kwa Africa ndi amalonda a panyanja, ndipo kumtunda kuno inatsata njira zomwe Ayao ankayenda pokachita malonda ku Kilwa ndi madoko ena.

Ndinakulira pansi pa mitengo yotereyi, ndipo kwa ine mango unali mtengo wodzikulira wokha. Yathu ntchito inali kugenda, kugwetsa ndi nsungwi, kapena kutuma mwana wopepuka thupi kuti akwere. Nyengo yake ikafika, cha mu Novembala mpaka Januwale, kumva kuti mwana wa uje wagwa mumtengo n'kuthyoka mkono si zachilendo. Zoti munthu angauze mtengo wa mango msinkhu woti ulekezere, ndi komwe nthambi zake ziloze, ndazidziwa ndili wamkulu kale, ndipo chizidziwireni ndikulephera kukhala chete.

Titamanga kanyumba kathu kufupi ndi boma, ndinagula mbande zomezanitsa ku nazale: Kent, Tommy Atkins ndi Keitt, mitundu yochokera ku Florida, ku America. Ndinadzala mvula itayamba, n'kutchinga ndi minga poti mbuzi za kuno sizisiya chobiriwira. Mbandezo zinagwira, n'kumangothamangira kumwamba, kamtengo kowongoka kopanda nthambi, ine n'kumanyadira.

Tsiku lina madzulo agogo ena oyandikana nafe, omwe pa unyamata wawo anagwirapo ntchito m'munda wa zipatso, anaima pampanda n'kuyang'anitsitsa.

"Mwanangu, apa mukufuna mthunzi kapena mango?"

"Zonse ziwiri, agogo."

Anaseka, n'kupita kukatenga kasizasi kawo kodulira mitengo.

Anagwada pa mtengo wa Kent, womwe unali utandifika pachifuwa, n'kundionetsa chinthu chomwe maso anga anali asanachionepo. Mango sakula mosalekeza. Amaphuka, n'kupuma, n'kuphukanso, ndipo pomwe anapumirapo pamatsala mfundo yomwe masamba amaunjikana mozungulira. Agogo anatenga chala changa n'kuchiika pamenepo. Mukadula pamwamba pa mfundoyo, mphukira zimatuluka zambiri pamalo amodzi, zothinana, ndipo tsiku lomwe mtengowo udzalemedwe ndi zipatso udzang'ambikira pomwepo. Mukadula pansi pake pang'ono, mphukira zimatuluka motalikirana, ina apa ina apo, iliyonse yogwira thunthu payokha. Anayeza cha m'chiuno mwanga, pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, kenako khapu! Nsonga yonse ndi masamba ake okongola aja inagwa. Pabalapo panatuluka utomoni wonunkhira mango osapsa, ndipo anandichenjeza kuti ndikaukhudza ndisagwire kumaso, umawotcha khungu.

Usiku umenewo mtima unandiwawa. Koma patapita masabata ochepa timaso tating'ono tinayamba kutupa m'khwapa mwa masamba otsala. M'mawa uliwonse, ndisanasese pabwalo, ndinkapita kukasuzumira. Timasoto tinang'ambika, n'kutulutsa timasamba tofiirira, tonyezimira, tofewa, tolendewera ngati makutu a mwana wa mbuzi. Kenako tinasanduka tobiriwira motuwa, n'kukhwima pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi masamba akale. Masamba otere ndakhala ndikuwaona moyo wanga wonse ali patali, kumwamba kwa mitengo. Kuwaona pamsinkhu wa dzanja langa, potuluka pamalo pomwe tinachita kusankha, chinali chinthu china.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi chifukwa chake. Mango amachita maluwa kunsonga kwa nthambi. Mtengo wa nsonga imodzi uli ndi malo amodzi obalira. Pa mphukira zomwe zinatuluka, agogo anasiya zitatu zoloza mbali zosiyana, zina zonse n'kuchotsa. Zitatuzo zikatalika masentimita 50 kapena 60, masamba ake atakhwima, mumadulanso nsonga zake, iliyonse n'kubereka zina zitatu. Zitatu zimakhala zisanu ndi zinayi, zisanu ndi zinayizo n'kukhala 27, mtengo ukadali waufupi. Nsonga iliyonse ndi malo a tsango la maluwa. Nditamvetsa zimenezi ndinayamba kuyang'ana mitengo ya m'mudzi ndi maso ena: mango ali kunja kokhakokha, kumwamba ndi m'mbali komwe dzuwa limafika, m'kati muli mdima ndi nthambi zouma.

Pali tina tomwe agogo samalola kuti tidutse. Mphukira iliyonse yotuluka pansi pa pomwe anamezanitsa amaibudula ndi zala ikadali yanthete, chifukwa imeneyo ndi ya mtengo wachikuda womwe unapereka mizu, ndipo ili ndi mphamvu zoti ikhoza kulanda chakudya chonse, Kent uja n'kufota. Maluwa akatuluka chaka choyamba kapena chachiwiri, amati thothola, kamtengoko kayambe kamanga thupi. Apa m'pomwe dzanja limanjenjemera, poti mango omezanitsa amafulumira, ndipo ukaona maluwa umayamba kale kumva kukoma mkamwa. Sadula tsiku lamvula, kuopa kuti bala lingawole, ndipo sizasi amaipukuta akamachoka pa mtengo wina kupita pa wina. Mitengo yomwe yayamba kubala amaidulira akangomaliza kuthyola zipatso. Ikafika miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukuomba panyanja, kunja kukuzizira, saikhudzanso, chifukwa ndi nthawi yomwe nsonga zikukonzekera maluwa.

Mitengo ikuluikulu ya makolo ndimaikonda, ndipo sindingafune kuti ithe. Mango achikuda monga maboloma apulumutsa mabanja ambiri m'miyezi ya njala, pomwe mango osapsa amaphikidwa mumphika n'kukhala chakudya cha tsikulo. Koma pa puloti yaing'ono ya m'tauni, chimtengo chotero chimaphimba dimba lonse, n'kumagwetsera nthambi padenga. Pa mtengo wa mamita atatu kapena anayi mango amathyoledwa ndi dzanja. Bango silimenyeka pansi n'kuphwanyika, mphepo ndi dzuwa zimalowa m'kati n'kuchepetsa matenda a madontho akuda, ndipo mukhoza kuona msanga zipatso zomwe ntchentche zaboola n'kuzikwirira mphutsi zisanachuluke. Ngakhale mitengo yakale ili ndi njira yake: amatha kuidula nthambi n'kumezanitsa mitundu yatsopano pa mphukira zake, monga kampani ya Malawi Mangoes ya ku Salima inachitira ndi alimi a m'dera lake.

Pano ndagula sizasi yangayanga, ndipo mtengo wa Keitt ndinadulira ndekha, agogo ataima kumbuyo kwanga osayankhula. Nditamaliza anawerama, nayang'ana pabala, nati kadulidwe kali bwino koma ulendo wina ndizipendeketsa pang'ono kuti madzi asamakhalepo. Andilonjeza kuti andiphunzitsa kumezanitsa. Ati nyengo ya mango ikubwerayi ndisataye njere za mango achikuda, ndiziike m'machubu, ndipo mbande zake zikadzafika kunenepa kwa pensulo ndidzawaitane, adzabwera ndi mpeni wawo.